Njira Yobwerera

Padangotero, ku Mubaira m'dera la Mhondoro ku Zimbabwe kudali nkhalamba ina yochokera ku Ntcheu. Idabwera ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi m'chaka cha 1958, nthawi imene Kadoma ankatchedwa Gatooma ndipo Chegutu ankatchedwa Hartley. Idakumba golide ku mgodi wa Cam and Motor, kenaka idakwatira mkazi wa ku Mhondoro n'kupatsidwa munda kumeneko. Kwawo sidapondekonso, moti abale a ku Ntcheu adaiwerengera m'gulu la machona.

Agogowa adali ndi adzukulu awiri, mnyamata ndi mtsikana, pachisuweni. Onse adakhoza bwino mayeso a Fomu 6 a ZIMSEC, ndipo onse mtima udali kunja.

Tsiku lina kudafika bambo wina wa galimoto yonyezimira, atanyamula mapepala okhala ndi zithunzi za nyanja ndi nyumba zosanjikizana. Adati ali ndi malo pa yunivesite ina ku Northern Cyprus, sikolashipu ilipo kale, chofunika n'kulipira msanga malo asanathe. Bambo a mnyamata uja adagulitsa ng'ombe ziwiri sabata yomweyo.

Madzulo agogo adaitana adzukulu awo pakhonde. Adatulutsa kachitini ka dzimbiri momwe ankasungamo chitupa chawo chakale, chong'ambika m'mapindiro.

"Wa Mthandizi uja naye adali wokoma pakamwa," adatero. "Adatiuza za lole, za bulangete, za ufa ndi nyemba. Zonsezo zidali za njira yopita. Za njira yobwerera sadatchule, ifenso sitidafunse. Inu mwafunsa?"

Mnyamata adaseka. "Agogo, izo zidali za kale. Masiku ano kuli ndege."

Mtsikana sadaseke. M'mawa mwake adakwera basi ya ku Harare, nakafika ku ZIMCHE, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 ndipo ndilo limaunika madigiri ochokera kunja. Kumeneko adamva kuti munthu ayambe wafufuza ngati sukulu ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka asanatulutse ndi senti yomwe, chifukwa pepala losavomerezeka kwanu silikupezera ntchito kwanu. Adamvanso kuti Northern Cyprus ndi dera limene dziko la Turkey lokha ndilo limalitenga ngati dziko. Atabwerako adaimbira foni bambo wa galimoto uja n'kufunsa kuti sikolashipuyo ikulipira chiyani: fizi yonse kapena theka, nanga chipinda, nanga chakudya, nanga akadwala? Bamboyo adati mafunso achuluka, malo apatsa wina.

Msuweni wake adanyamuka, mudzi wonse ukumuperekeza. Mtsikana adatsala. Adakakhala kwa azakhali ake ku Harare, m'mawa akugulitsa tomato, masana akuphunzira Chitchaina ku Confucius Institute ya pa University of Zimbabwe, imene idatsegulidwa mu 2007. Lilime linkamupweteka ndi mawu amene tanthauzo lake limasintha ukakweza kapena kutsitsa liwu. Anzake ankamunena kuti mantha amudyetsa mwayi. Kumva zotere uli ndi zaka 19 kumawawa, ndipo usiku wina adaliradi. Agogo adangomutumizira uthenga wakuti safunsa adadya phula.

Miyezi yoyamba mnyamata ankatumiza zithunzi pa WhatsApp ali m'mbali mwa nyanja. Kenaka zithunzi zidasiya. Kenaka foni zidayamba kulira pakati pa usiku: lendi yakwera, sikolashipu ija idali yongochotsera pang'ono pa fizi, ntchito imene adalonjezedwa kulibe, sukulu yamuletsa mayeso chifukwa cha ngongole. Bambo wa galimoto adali atasintha nambala. Pamapeto pake mnyamata naye adangoti zii.

Chaka chitatha, mtsikana adakhoza mayeso a Chitchaina a HSK ndipo adalandira kalata ya sikolashipu ya boma la China. Agogo adamuuza kuti awawerengere pang'onopang'ono. Fizi, chipinda, ndalama ya mwezi ndi mwezi, inshulansi ya chipatala, zonse zidalimo.

"Nanga tikiti yobwerera?"

"Imeneyo mulibe, agogo. Koma ndasunga ya tomato ija, ndipo sindiikhudza."

Nkhalamba idagwedeza mutu, koma nkhope sidamasuke. Idafunsa za mdzukulu wina uja. Bambo ake adati mwanayo akukana kubwera chimanjamanja ng'ombe ziwiri zitapita.

Agogo adakhala chete nthawi yaitali, akusisita kachitini kaja. "Inenso ndinkati ndibwerera ndikagula njinga ndi suti. Njinga ndidagula, suti idachedwa. Pamene ndinkaigula, amayi adali ataikidwa kale. Manyazi amenewa ndimawadziwa. Gulitsani ng'ombe yanga yotsalayo. Mumuuze kuti agogo ake akudikira iyeyo, chikwama asade nacho nkhawa."

Patapita milungu itatu, nkhalamba idavala suti yake yakale ija, yotuwa m'mapewa, n'kupita pokwerera mabasi pa Mubaira dzuwa lisanatuluke. Idakhala pa benchi tsiku lonse, ndodo ili pakati pa miyendo. Basi yomaliza itaima, mnyamata adatsika wowonda, maso ali pansi, m'manja muli kajumbo kokha. Agogo adadzuka movutikira, nalandira kajumboko ndi manja awiri.