Chala cha Gogo Nankhoma

Padangokhala mnyamata wina mumzinda wa Lilongwe, dzina lake Mphatso. Kwawo kunali ku Area 10, mkati mwa mpanda wautali, ndipo sukulu yomwe ankaphunzira inali ya ana amene salemba MSCE koma mayeso a International Baccalaureate (IB), bungwe lomwe lidayamba ku Geneva mu 1968. Kunena za mutu, Mphatso anali nawo. Masamu ankangowayang'ana kamodzi, cholembera n'kuyamba kuthamanga chokha.

Chinthu china chomwe ankachidziwa bwino ndi kuwerengetsa phindu. Dipuloma yawoyo ndi ya zaka ziwiri, maphunziro 6, lililonse mapointi ake ofika 7. Mapointi ena atatu amachokera ku chimangirizo cha mawu 4,000 ndi phunziro la Theory of Knowledge, zonse pamodzi 45. Mphatso adalemba 45 yo papepala n'kumata pakhoma pamwamba pa bedi lake. Koma panali gawo lina lotchedwa CAS, lofuna kuti wophunzira achite zaluso, achite zolimbitsa thupi, ndiponso agwire ntchito yothandiza anthu kwa miyezi 18. Gawo limeneli lilibe pointi ngakhale imodzi, chonsecho wosalimaliza dipuloma saiona.

Woyang'anira CAS pasukulupo anali Mayi Chirwa, munthu wosakweza mawu. Pokumana naye koyamba adamuuza kuti adzakhalanso pansi kawiri, kumapeto kwa chaka choyamba ndi kumapeto kwa zonse, ndiponso kuti mwa zochita zakezo pakhale ntchito imodzi yaikulu, ya mwezi kapena kuposerapo, yogwira ndi anthu ena. Adamusimbiranso za Kurt Hahn, mphunzitsi wa ku Germany amene adathandiza kutsegula Atlantic College ku Wales mu 1962, komwe ana asukulu ankalowa m'bwato kukapulumutsa anthu panyanja.

“Ankawapatsa mapointi angati, madamu?”

Mayi Chirwa adangomuyang'ana, n'kumupatsa mafomu.

Zaluso ndi zolimbitsa thupi sizidamuvute. Gitala ankaimba kale, kusambira ankasambira kale. Chidatsala ndi chothandiza anthu, ndipo apa adagwirizana ndi mnzake Dalitso kuti akapange za ku Chinsapo, m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, kumene Gogo Nankhoma ankasunga sukulu ya mkombaphala kuseri kwa nyumba yawo.

Vuto la gogo linali nkhuni. Ufa wa likuni phala ankaupeza kwa akufuna kwabwino, koma mphika waukulu wa ana 60 pa mafuwa atatu umadya nkhuni koopsa, moto wambiri umangothawira m'mbali. Nkhunizo amabwera nazo anyamata apanjinga kuchokera ku Dzalanyama, nkhalango yomwe yadulidwa mpaka boma lidachita kutumizako asilikali mu 2015, ndipo mtengo wake sutsika. Masiku ena gogo sankasonkha moto. Ana a kumeneko amayang'ana utsi: ukapanda kufuka kuseri kwa nyumba ya gogo, theka la ana silibwera.

Mphatso adajambula pa kompyuta mbaula ya njerwa, ya malo awiri oikapo miphika, ya chumuni chake. Chithunzicho chinali chokongola kwabasi, ndipo Mayi Chirwa adavomera. Kenaka mnyamatayo adawerengetsa: Loweruka lililonse maola anayi m'matope, pamene akadawerenga Chemistry. Adaona kuti n'kuluza.

Tsono pakhomo pawo panali wantchito wosamalira maluwa ndi kapinga, a Jailosi, amene adakhalapo zaka 11.

“A Jailosi, Loweruka mutiperekeze ku Chinsapo. Kuli kantchito pang'ono.”

“Chabwino, abwana aang'ono.”

Kantchitoko kadayenda motere. Galimoto ikaima pansi pa mtengo wa mango, a Jailosi ankatsika ndi khasu, chikombole ndi chithunzi chija m'thumba. Anyamata awiriwo ankatsala m'galimoto, mawindo otseka, mabuku pamiyendo. Dzuwa likafika pamutu ankatuluka, Mphatso n'kudzipaka matope m'manja ndi pang'ono pachipumi, n'kugwira njerwa imodzi. Dalitso ankajambula pa foni, kenaka n'kusinthana. Madzulo Mphatso ankalemba m'buku lake la CAS kuti lero waphunzira kudzichepetsa. Kulemba ankatha ndithu, moti wowerenga akadagwetsa misozi.

Gogo Nankhoma ankaona zonsezi ali pamphasa, akusankha nyemba. Sadanene kanthu.

Mbaula itatha, padafunika kuti woona ntchitoyo asaine fomu. Mphatso analibe nthawi yopitanso ku Chinsapo, choncho adalembapo kale dzina lake pamwamba n'kutuma a Jailosi omwewo. Gogo sankadziwa kulemba. Adaitana mdzukulu wawo wa Sitandade 7 kuti awawerengere mzere ndi mzere, n'kumuuza zoti alembe. Atatha adadinda chala, n'kumata envelopu ndi phala lotsalira m'chipande. Envelopuyo idafika kwa Mayi Chirwa yosatsegula.

Mu Juni, pokumana kachiwiri, Mayi Chirwa adayamikira zithunzi, adayamikira zolemba, kenaka n'kutulutsa fomu ija. Dzina la Mphatso linali litakhwatchidwa bwinobwino ndi rula. Pambali pake padalembedwa kuti Jailosi Mbewe. Mmunsi munali mawu awa, ndipo mayiwo adawawerenga mokweza:

“Amene wagwira ntchito kuno ndi a Mbewe. Amafika mmawa, amaweruka masana, sadajombepo. Ana awiri a m'galimoto aja ndimawaona koma sindikuwadziwa. Ngati sitifiketi ilipo, mupatse a Mbewe.”

Mphatso adafuna kulankhula, pakamwa padauma.

Lolemba lake bambo ake adafika pasukulu atavala suti. Iwo adazolowera kuti nkhani iliyonse ili ndi mtengo wake. Adati apereka matumba 20 a simenti ku sukulu ya gogoyo, malata omwe, bola nkhaniyi ithe.

“Simentiyo kaperekeni, bambo, akailandira ndi manja awiri,” adatero Mayi Chirwa. “Koma fomuyi sikufunsa za inu. Ikufunsa za mwana wanu, ndipo ine sindingauze a IB kuti wamaliza pamene sadayambe. Chaka chimodzi chilipo. Akayamba Loweruka lino, tidzaona.”

Mkwiyo wa munthu wolemera umatsikira kwa wapansi. Madzulo amenewo bambowo adaitana wantchito wawo pakhonde.

“Iwe Jailosi, ukufuna kumulanda mwana wanga sukulu?”

“Iyayi bwana, ine ndidangotumidwa. Za m'kalatamo sindikuzidziwa.”

“Mawa ulongedze.”

Mphatso anali kuseri kwa chitseko. Akadatha kukhala chete, ndipo kwa kanthawi adakhaladi chete. Kenaka adatuluka. “Adadi, ndidawatuma ndine. Akachoka iwowa, ine ku Chinsapo ndikayambira pati? Sindidziwa n'kuumba njerwa komwe.” Si kuti mtima wake udasinthiratu usiku umenewo, ayi, ankawerengetsabe. Komabe ntchito ya a Jailosi idapulumuka.

Loweruka adafika kwa gogo atagwira chipewa m'manja. Gogo adamusiya ataima mpaka atamaliza kusesa.

“Wabwera, mwanawe? Ndiwe mwana wa yani?”

Adayankha. Gogo adamutengera kuseri n'kumuonetsa mbaula yake yokongola ija. Inali yozizira, nkhuku itaikira mazira pabowo limodzi. Pambali pake mafuwa atatu anali pamoto monga kale.

“Ichi n'chako, eti? Mphika wanga ukaikidwa apa umalowa wonse mpaka makutu. Utsi m'malo mokwera umabwerera kumaso. Udayamba wauona mphika wanga iwe?”

Mphatso adatembenukira kwa a Jailosi. “Nanga inu simudaone kuti zalakwika?”

“Ndidaona tsiku loyamba, abwana aang'ono. Koma mudati nditsate pepala.”

Gogo adathothola luzi padenga la chisakasa n'kumupatsa. “Yamba wayeza mphikawo. A Mbewe, mwanayu ndi wanu, muphunzitseni.”

Adaigumula mbaulayo tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo Mphatso adadziwa kuti dothi si limodzi. La pachulu limagwira koma likauma lokha limang'aluka, limafuna mchenga. Ankakumba ndi iye, kutunga madzi pa mjigo ndi iye, kuponda matope ndi mapazi mpaka afewe mofanana, osatsala nthubwi. Mu Julayi matope a mmawa amazizira ngati akuluma. Njerwa zake zoyamba zidatuluka m'chikombole zopindika, chifukwa ankaiwala kuchinyowetsa ndi kuwazamo mchenga, ndipo ana a mkombaphala adamupatsa dzina loti Amalume Matope. Matuza adatuluka m'manja, adaphulika, gitala idakhala milungu itatu osakhudzidwa. Tsiku lina adafuna kumangira njerwa zosauma kuti zithe msanga, gogo n'kumuletsa: “Tsiku limodzi silioza mbewa, mdzukulu wanga. Zisiye ziume.”

Dalitso adabwera kawiri. Kachitatu adati mutu, kachinayi sadayankhe foni.

Chomwe chidamudabwitsa Mphatso ndi a Mbewe. Kunyumba anali munthu wongoti inde bwana, maso pansi. Kuno ankalamula. Adapezeka kuti asanabwere m'tauni adagwira zaka zambiri m'maesiteti a fodya ku Kasungu, akumanga ndi kusonkhezera mabani, momwe kutentha kumayenda m'mipope ndipo kukalakwika pang'ono fodya yense amapsa. Ankadziwa kuti khomo la nkhuni likakula moto umazizira, kuti nkhuni zikhale pamwamba pang'ono mpweya uzilowa pansi pake, kuti pakati pa mphika ndi khoma la mbaula pangotsala mpata wolowa chala chimodzi, moto uzinyambita mphika m'mbali usanathawire ku chumuni. Mphatso adazindikira kuti zimenezi adazilemba kale pa mayeso a Physics n'kukhoza, koma bowo la mphika adalijambula ngati la mgolo.

“A Mbewe, bwanji simunkanena kuti mumadziwa zonsezi?”

“Mukadafunsa liti, achimwene? Mmawa mumatuluka pa galimoto, madzulo mumalowa pa galimoto.”

Nawonso a Mbewe adapezapo kanthu. Iwo ankayeza ndi maso ndi chikhatho, choncho mbaula iliyonse ankayamba kuiganiza pachiyambi. Mphatso adayeza zonse ndi tepi, n'kulemba kakabuku ka masamba anayi m'Chichewa, ka zithunzi zojambula pamanja: mphika ukakhala wotere, bowo likhale lotere, njerwa zikhale zingapo. Adakalemba katatu, chifukwa koyamba gogo atawerengeredwa adati Chichewa chake n'cha m'kalasi, amayi sangachimve. Kakabuku kameneka ndi komwe Mayi Chirwa adakawerengera ngati zaluso, kuposa gitala.

Mbaula yatsopano idayatsidwa mu Seputembala. Mtolo wa nkhuni womwe unkatha masiku awiri udayamba kufika Lachisanu. Amayi a sukulu ina ya mkombaphala kutsidya kwa msewu adabwera kudzaona, nawonso adafuna yawo, ndipo Mphatso ndi a Mbewe adaimanga mvula isanagwe. Dzinja lonse mnyamatayo ankapitabe, tsopano pa minibasi, kukamata ming'alu ndi kugawa phala. Mayina a ana adawadziwa, ndi amene amabisa kapu yachiwiri kumbuyo adamudziwanso. Buku lake la CAS lidasiya kukoma. Tsamba lina lidangoti chumuni chatsekeka ndi mwaye, tachitokosa ndi nsungwi, mawa tikaonenso.

Mayeso a mu Meyi asanayambe, fomu ina idapita kwa gogo, ndipo ulendo uno adaitenga yekha. Mdzukulu uja, amene tsopano anali Sitandade 8, adalemba zomwe adauzidwa: “Mphatso ndikumudziwa. Poyamba ankaononga dothi. Pano amatha, ngakhale safika pa a Mbewe.” Gogo adadinda chala.

Zotsatira zidatuluka mu Julayi. Mphatso adapeza mapointi 38 ndi dipuloma yake. Bambo ake adadandaula kuti akadapanda matope aja akadafika 42, ndipo mwina sadaname. Dalitso maphunziro ake adakhoza bwino kuposa Mphatso, koma adangolandira pepala loonetsa magiredi a phunziro lililonse, dipuloma ayi, ndipo yunivesite yomwe idamulonjeza malo idawapereka kwa wina.

Mwezi womwewo a Mbewe adapempha kuonana ndi bwana pakhonde. Adathokoza chifukwa cha zaka zonse zija, n'kunena kuti akusiya ntchito. Anthu a ku Chinsapo, Likuni mpaka ku Chigwirizano ankawafuna kuti akawamangire mbaula, masukulu ndi malesitilanti omwe, ndipo ndalama ya mbaula zitatu inkaposa malipiro awo a pamwezi. Kakabuku kaja adakachulukitsa pa fotokope, ankapatsa aliyense amene wamumangira.

Wantchito wina sadapezeke msanga. Tchuthi chonsecho, mpaka tsiku lonyamuka kupita ku yunivesite, maluwa a ku Area 10 ankathirira ndi Mphatso, ndipo kapinga ankatchetcha yekha ndi chikwakwa chomwe a Mbewe adamusiyira.