Kodi Kukweza Mtengo pa Nthawi ya Tsoka N'tchimo?



Ambiri mwa ife m'parishi muno timadyera malonda. Ena ali ndi magolosale pa Boma, ena amapikula mbatatesi ku Bembeke ndi ku Lizulu, ena amagula chimanga ndi nyemba m'midzi n'kumadzagulitsa m'tauni. Palibe cholakwa pamenepo. Koma kukagwa chilala, madzi osefukira kapena namondwe, mitengo imalumpha, ndipo wamalonda wachikhristu amatsala ndi funso: ndikweze mpaka pati kuti ndisachimwe?

Akuluakulu akukumbukira njala ya 2002. Mvula yochuluka ya kumayambiriro kwa 2001 idaononga mbewu m'minda yambiri, pomwe chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani opitirira 160,000, chidali chitagulitsidwa. ADMARC idakweza mtengo kuchoka pa K5 kufika pa K17 pa kilogalamu, ndipo m'misika ina mavenda ankagulitsa kuposa kawiri pamenepo. Mabanja ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Pofika mu February 2002, pamene boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu adali atayamba kale kufa. Ena adafa chimanga chilipo pamsika. Chimene adalibe ndi ndalama zofikira mtengo wake.

Komabe tisafulumire kuweruza aliyense wokweza mtengo. Akatswiri a zachuma ali ndi mfundo yofunika kuimva. Amati mtengo ukakwera umaitana katundu. Chimanga chikadula kuno, alimi a ku Angónia, tsidya lija la Mozambique, amachibweretsa pa chipata cha Dedza, ndipo chikachuluka mtengo umatsika. Pamene namondwe Freddy adasakaza Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje mu March 2023, misewu ndi milatho zidaduka. Mwini lole amene adalimba mtima kunyamula chakudya kupita kumeneko adathira mafuta ambiri pozungulira njira, adataya masiku, ndipo galimoto yake idali pa chiswe. Kumukakamiza kugulitsa pa mtengo wakale n'chimodzimodzi kumuuza kuti asapite, ndipo ovutika aja akadatsala opanda kanthu.

Ndiye malire ali pati? Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wa Mpingo amene adamwalira mu 1274, adalisanthula funsoli. Iye adaphunzitsa kuti wogulitsa angathe kuwonjeza mtengo chifukwa cha zimene iye mwini wataya kapena wavutika nazo. Koma sayenera kuwonjeza chifukwa choti wogula ali pa mavuto ndipo akuchifunitsitsa chinthucho, pakuti vuto la wogulayo si katundu wa wogulitsa, ndipo munthu sangagulitse chimene sichake. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, pa ndime 2409, amaika kukweza mitengo podyera masuku pamutu munthu wosadziwa kapena wovutika m'gulu la machimo olakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba.

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati mwapikula thumba modula, mwalipira mayendedwe okwera, ndipo mudzafunika ndalama zambiri kuti mukapikulenso, kukweza n'chilungamo. Banja lanu nalo liyenera kudya. Koma ngati malata, mapepala apulasitiki kapena matumba a chimanga adali kale m'nyumba yanu yosungiramo katundu, ndipo mwasintha mtengo m'mawa umene mwamva kuti mphepo yasasula madenga m'mudzi wina, ndalama yowonjezerayo siyochokera ku thukuta lanu. Yachokera ku misozi ya mnzanu.

Wina anganene kuti, "Koma sindinamukakamize, wagula yekha." Mayi amene ana ake agona ndi njala masiku awiri sagula mwaufulu. Sangadikire mwezi wamawa, sangakwere basi kukafunafuna kotchipa ku Lilongwe. Avomera mtengo uliwonse, ngakhale zitatengera kugulitsa mbuzi, njinga kapena chimanga chikadali chachiwisi m'munda. Kuvomera kotero sikuyeretsa malondawo.

Pali machitidwe atatu amene sangabisale kumbuyo kwa mfundo za akatswiri aja. Loyamba ndi kubisa katundu dala kuti asowe. Mtengo wokwera umathandiza pokhapokha ukamabweretsa katundu pamsika, pomwe wobisa amamuchotsa. Lachiwiri ndi kupangana amalonda okhaokha kuti pasapezeke wogulitsa motsika. Lachitatu ndi kubera pa muyeso: sikelo yokonzedwa, ndowa yophwanyidwa pansi, chimanga chosakaniza ndi zinyalala. Mneneri Amosi, m'mutu 8, adadzudzula zomwezi mu Israele: kuchepetsa muyeso, kukweza mtengo, ndi kugulitsa mungu pamodzi ndi tirigu. Zimenezi n'zoletsedwanso ndi malamulo a dziko lino, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere.

Taonaninso Miyambo 11:26. Ndimeyi imati anthu amatemberera wobisa chakudya, koma madalitso amagwera amene akugulitsa. Sikuti madalitsowo asungidwira wogawa ulere yekha ayi. Wamalonda amene watsekula shopu yake pa nthawi yovuta, n'kugulitsa pa mtengo woyenera ndi muyeso wathunthu, akuchita ntchito ya chifundo ngakhale akupeza phindu.

Funsoli si la amalonda okha. Wa pa ntchito amene amagula matumba makumi awiri mu May kwa mlimi wopanikizidwa ndi ngongole ya feteleza, n'kudzamugulitsa yemweyo mu January pa mtengo wowirikiza, adzifunse. Mwini nyumba wokweza lendi poona kuti anthu agwetsedwa nyumba, adzifunse. Wobwereketsa ndalama za katapila pa nthawi ya njala, ndi wolemba ganyu wolipira kambale ka ufa pa ntchito ya tsiku lonse podziwa kuti waganyuyo sangakane, onsewa adzifunse. Kusunga chimanga n'kudzagulitsa mtsogolo si tchimo. Pali mtengo wa mankhwala, matumba ndi malo. Koma phindu likhale lolingana ndi zimenezo.

Mu March 2024 boma lidalengezanso za ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha chilala cha El Niño. Masoka otere sadathe, choncho tikonzekeretu. M'miphakati yathu tingathe kusonkha chimanga pa nthawi yokolola, kuti m'miyezi ya njala okalamba, odwala ndi ana amasiye asagwe m'manja mwa wadyera. Tithandizenso ntchito za CADECOM m'dayosizi yathu ya Dedza. Wosauka akakhala ndi kwina kothawira, wokweza mitengo mopyola muyeso amasowa wom'dyera.

Ndipo inu amalonda, musanalembe mtengo watsopano pa thumba, dzifunseni mafunso awiri. Kodi ndakweza chifukwa cha zimene ine ndawononga, kapena chifukwa ndaona kuti wogulayu alibe kolowera? Kodi mtengowu ndingauvomere utakhala wogulitsidwa kwa mayi anga? Makolo adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Amene tikum'patsa moni wa mtendere pa Misa lero ndi yemweyo adzaime pa sikelo yathu mawa. Mulungu atipatse mtima woopa kumulemerera pa tsoka lake.