Kodi Kugwira Wi-Fi ya Mnansi Ndi Kuba?

Acinyamata anzanga, funso ili likuzunguza mitu m'magulu athu ambiri muno m'Kabwe. Mnyamata wakhala patsinde pa mpanda madzulo, lamya ili m'manja, akuonera mpira pa intaneti ya nyumba yoyandikana nayo, eni ake osadziwa. Sanathyole citseko, sanalumphe mpanda, ndipo m'thumba mwake mulibe kanthu ka mwini. Kodi timuche mbala? Ambiri amayankha msanga kuti iyai. Ine ndiona kuti yankho limeneli lifulumira kwambiri, koma tisanaweruze tiyambe tadziwa cinthu cimene tikukangana.

M'nyumba zambiri tsopano muli kabokosi kothwanima timagetsi kochedwa router. Kamalandira intaneti kucokera pa SIM ya MTN, Airtel kapena Zamtel, kapena pa cingwe ca fibre, ndipo kuyambira mu 2023 ena amalandira kudzera m'mbale ya Starlink. Kakalandira, kamaimwaza m'nyumba ndi mafunde a wailesi, ndiwo amene timati Wi-Fi. Mafundewa ali pa 2.4 GHz ndi 5 GHz. A 5 GHz athamanga koma safika patali, a 2.4 GHz ndiwo amaboola zipupa n'kukafika kwa aneba. Dzina limene limaoneka pa lamya yanu ukamafufuza Wi-Fi amati SSID, ndipo loko wake ndi password. Maloko akale ochedwa WEP anali osavuta kuthyola, n'cifukwa cake mu 2004 kunabwera WPA2, ndipo mu 2018 WPA3. Ku Bwacha kapena ku Chowa, kumene nyumba zili pafupipafupi, lamya imodzi itha kuona maina angapo uli cikhalire pa khonde lako.

Amene amati si kuba ali ndi mfundo yabwino, ndipo tisaipeputse. Amati mafundewo alowa okha m'bwalo langa. Ngati wailesi ya mnansi ikuimba mokweza ine n'kumavina, ndamubera ciani? Ngati getsi lake lapanja likuwala mpaka pakhomo panga, ine n'kumawerengerapo buku, kodi ma units ake a ZESCO atha msanga? Satha. Getsilo likanayaka cimodzimodzi ngakhale ine ndikanagona.

Koma router siili ngati getsi. Getsi limangowala, silidziwa amene akuliona. Router imakambirana ndi lamya yako. Lamya imagogoda, router imaipatsa nambala yake yochedwa IP address, ndipo kucokera apo kanema aliyense amene waonera wacita kuitanidwa ndi iwe, n'kudutsa m'kabokosi ka mwini, n'kudulidwa pa bundle imene iye analipira. Fanizo loyenera ndi mpopi wa madzi. Ukalumikiza paipi yako usiku ku mpopi wa mnansi, mpopi wake udzakhalapobe m'mawa, koma bilu ya ku Lukanga Water idzanena zina. Mai amene anagula bundle ya mwezi kuti mwana wake wa Giredi 12 aziwerengera, ikamuthera pakati pa mwezi, watayadi ndalama, ngakhale sanaone dzanja limene lazitenga.

Pamene pali povuta ndi apa. Ena amalipira intaneti yopanda malire, ndipo usiku pakati eni nyumba ali m'tulo. Masana tinganene kuti wolowererayo akucedwetsa anzake, pakuti njira ndi imodzi ndipo akaculuka oyendamo aliyense amayenda pang'onopang'ono. Koma usiku? Kunena zoona, cimene mwini wataya pamenepo n'cocepa kwambiri, mwina palibiretu. Amene amaumirira kuti kuba ndi pokhapo wina wasowa kanthu, apa apambana mlandu.

Ine sindiyesa kuti kuba kumayezedwa ndi kusowa kokha. Taganizirani mwambo wa makolo athu wopala moto. Moto sucepa ukaugawa; amene wakupalira khala limodzi amatsala ndi moto wake wonse. Komabe palibe mwana woleredwa bwino amene ankalowa m'khichini mwa eni mwakacetecete n'kutapa makala. Ankaima pabwalo, n'kunena odi, n'kupempha. Ndipo kunali kosowa kumva kuti wina wamanidwa moto. Nanga ngati yankho linali lodziwika kale, kupemphako kunali kwa ciani? Kunali kuvomera kuti pakhomopo pali mwini, ndi kumpatsa mpata wokhala wopatsa. Wotenga mobisa amalanda mnzake mpata umenewo, ndipo amamusandutsa citsiru codyeredwa cosadziwa.

Pali cinanso cimene makala analibe. Zonse zimene zicitika kudzera pa router imodzi, kunja zimaoneka kuti zacokera pa akaunti ya mwini. Wina akatukwanira anthu pamenepo, kapena kunamiza nkhalamba kuti itumize ndalama pa lamya, kufufuza kungathe kuyambira pakhomo pa munthu wosalakwa. Boma nalo lili ndi mau: lamulo la za pa intaneti la mu 2021, ndi malamulo amene analowa m'malo mwake mu 2025, amaletsa kulowa m'makina a wina popanda cilolezo.

Tinenenso cilungamo pa za mmene password imapezekera. Ndi ocepa pakati pathu amene ali ndi luso lothyola WPA2. Kawirikawiri mlendo amatembenuza router eni ali kukhichini, n'kujambula kapepala komata pansi pake. Kapena mwana wa m'nyumbamo wa Giredi 4 amanyengereredwa ndi switi pa geti. Izi ndiye zindinyansa koposa, cifukwa mkulu amene anayenera kuphunzitsa mwana kusunga cinsinsi ca pakhomo ndiye akumuphunzitsa kucigulitsa. Njira yofala kuposa zonse ndi ya ife anthu abwino: unapatsidwa password mwaulemu tsiku limene unakaceza, ndipo lamya za masiku ano zimalola kuigawa mwa kungoonetsa mnzako kacizindikiro ka QR. Wapatsa mmodzi, iye wapatsa atatu, pofika Loweruka timu yonse ya mpira yaunjikana kuseri kwa mpanda. Anakupatsa kuti ugwiritse nchito, sanakupatse kuti ugawe.

Tsono nanu eni ma router musamasuke msanga. M'caka ca 1994, caka comwe mgodi wa Kabwe unatsekedwa, ZAMNET inayamba kupereka intaneti kucokera pa University of Zambia, ndipo pa nthawiyo inali ya maofesi ndi anthu ophunzira ocepa. Lero wofuna malo pa Mulungushi University kapena pa Kwame Nkrumah University, wofuna kutumiza kalata yofunsira nchito, onse afunika intaneti. M'tauni imene nchito zinasowa mgodi utatsekedwa, mtsikana wa ku Makululu wopanda ya bundle sakupempha zamanyado. Cilamulo ca Mose, pa Levitiko 19, cinalamula mwini munda kusiya za m'mphepete kuti osauka akunkhe, ndipo pa Deuteronomo 23 cinalola wodutsa kudya mphesa za mnansi mpaka kukhuta, koma osanyamula m'cotengera. Lamulolo linamanga onse awiri. Mwini asakolole mpaka kumapeto, wokunkha asabwere ndi dengu. Kutumiza fomu ya kusukulu ndi kudya ndi dzanja. Kukopera mafilimu usiku wonse ndi dengu.

Wina adzati, si apo, ndiye kuti ndingokunkha. Ai, mbale wanga. Wokunkha wa masiku aja ankalowa m'munda dzuwa likuswa mtengo, mwini akuona, mudzi wonse ukudziwa mwambowo. Pa Wi-Fi mwambo wotero tilibe, ndipo sungayambe ndi anthu obisala m'mdima. Ungayambe ndi eni. Ma router ambiri ali ndi mbali yochedwa guest network, yokhala ndi dzina lake ndi password yakeyake, kotero kuti mlendo amapeza intaneti koma safika pa kompyuta kapena printa ya m'nyumba. Ena amalolanso kuika malire a liwiro. Mabanja okhala pa yadi imodzi angathenso kusonkha ndalama n'kugula bundle imodzi yaikulu, monga amacitira ndi bilu ya madzi.

Cimene cimatiletsa kupempha, ndikaona, si mantha akuti atimana. Ndi manyazi akuti adziwa kuti tilibe. Timasankha kuoneka olemera uku tikudya za eni mobisa. Koma kubisako n'kwacabe. Router iliyonse ili ndi tsamba limene mwini amatsegula pa lamya yake, ndipo pamenepo pamaoneka mndandanda wa zipangizo zonse zolumikizidwa, nthawi zambiri ndi mtundu wake womwe: Tecno, itel, Samsung. Bambo amene m'nyumba mwake muli lamya zitatu akaona zisanu ndi ziwiri, amadziwa, ndipo m'komboni sikuvuta kulota kuti zinazo n'za yani. Ambiri sakalipa. Amangosintha password mwakacetecete, osanenapo kanthu. Lamulungu m'mawa amakupatsa moni monga mwa masiku onse, n'kukhala nawe pa benchi imodzi, koma tsiku limene udzapita kukabwereka wilibala adzayamba waganiza kaye.