Kodi Mulungu Analenga Chodzidalira Chokha?

Ndimagulitsa malasha pa msika wa Lilanda, ndipo funso ili limandivuta mvula ikagwa mu Disembala, amayi akayamba kubwera ndi bowa wa tente m'mabeseni. Tente salimidwa m'munda. Amamera pansi pa mitengo ya miombo basi.

Chifukwa chake chili m'nthaka. Dothi la m'nkhalango za miombo ndi losauka, makamaka fosforasi ndi wochepa. Choncho timaulusi ta bowa timakuta nsonga za mizu, n'kulowa m'timipata tomwe muzu sungafike, n'kubweretsa mchere wa m'nthaka ndi madzi. Mtengo umabwezera shuga wopangidwa m'masamba. Ngakhale m'nkhalango zowirira za ku Congo ndi Amazon, chakudya cha mitengo chimachokera kwambiri m'masamba owola pamwamba, ndipo mizu ndi bowa zimachitola mvula isanachikokolole.

Abale anga, ine ndimakhulupirira kuti Mlengi anachita dala. Akadatha kupatsa mtengo waukulu mphamvu zonse, koma anaumangiriza ku kanthu kosaoneka ndi maso. Ukulu weniweni umaphatikiza kulandira. Munthu wonena kuti anadzikweza yekha waiwala agogo amene anamulera ndi mnansi amene anamubwereka ndalama ya lendi.

Apa chikumbumtima chimandifunsa. Thumba lililonse la malasha ndi mtengo wodulidwa, ndipo mtengo ukafa, tente amatha. Ana anga amadya chifukwa cha nkhalango. Ngati chilengedwe chonse chimayenda mobwezerana, nanenso ndili ndi ngongole yoti ndibweze.