KODI MLANDU NGWA WODWALA YEKHA?

Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana akalephera masamu, mlandu suli wa mwana yekha. Koma tikamva kuti wodwala wasiya mankhwala pakati, tifulumira kunena, Ndi wopusa ameneyo. Tiyeni tiweruze mlanduwu mofatsa, ndipo citsanzo cathu cikhale cifuwa cacikuru, ndico TB.

Kacirombo ka nthendayi anakapeza Robert Koch m'caka ca 1882, koma mankhwala oyamba okapha, streptomycin, anapezeka mu 1943. Lero wodwala amwa mankhwala miyezi 6: miyezi 2 yoyamba amwa mitundu 4, ndi miyezi 4 yotsala mitundu 2. Tsono msampha uli apa. Pakupita masabata owerengeka kutsokomola kucepa, thukuta la usiku lileka, munthu nayamba kudya bwino, nati, Ndacira. Koma afanana ndi mlimi wodula masamba a nansongole ndi kusiya mizu. Tizirombo tofoka tafa, tolimba tatsala. Ndipo nthenda ikabweranso, nthawi zina mankhwala aja sagwiranso nchito. Alexander Fleming, amene anapeza penicillin, anacenjeza mu 1945 kuti mankhwala operewera aphunzitsa tizirombo kupirira.

Wina adzati, Munthu wamkuru ali ndi ufulu pa thupi lace, mlekeni. Mau amenewa ali ndi coonadi, pakuti munthu si ng'ombe yoti tiigwire ndi kuimwetsa. Koma cifuwa ciyenda ndi mpweya, ndipo mwana wogona m'nyumba yomweyo sanasankhe kanthu. Cotero sitingathe kumleka, sitiyeneranso kumkakamiza. Nanga ticite ciani?

Dotolo Karel Styblo, pogwira nchito m'Tanzania, m'Malawi ndi m'Mozambique m'zaka za m'ma 1980, anakonza njira yakuti wodwala azimwa mankhwala pamaso pa munthu wina, ndi kuti zonse zilembedwe m'buku. Odwala ambiri anacira, ndipo njirayi inafalikira m'maiko ambiri. Koma ofufuza a pambuyo pace anaona kuti kupenyerera kokha sikuposa kwambiri kumwa wekha. Apa tiphunzira kuti diso lopanda thandizo siliciritsa munthu.

Cifukwa cace tiyambe tamfunsa wodwala cimene camletsa. Wina ati, Mankhwala andipatsa njala, ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu. Wina ati, Kucipatala nkutali. Wina acita manyazi ndi anansi ace. Wina anaona mkodzo wace wofiira naopa, popeza panalibe womuuza kuti rifampicin atero, ndipo si coopsa iai. Kodi amenewa ndi opusa?

Thandizo lace ndi ili. A kucipatala alankhule m'cinenero ca wodwala, namfunse abwereze zimene wamva, monga ticita ndi ana m'sukulu. Wodwala asankhe yekha mnzace womkhulupirira, wokhala naye pakumwa ndi kulemba cizindikiro pa khadi tsiku ndi tsiku. Nthawi yakumwa ikhale imodzi, yomangika pa cizolowezi ca masiku onse, monga kusamba m'maso m'mamawa. Wokhala ndi lamya ya m'manja aiike kuti ilire nthawi yomweyo. Abale asonkhe ufa ndi ndalama ya ulendo. Mankhwala akambvuta, monga kusanza kapena maso acikasu, ampereke msanga kucipatala. Ndipo asagawire mnzace mibulu yace, cinkana akhale mbale wace.

Makolo athu anati, Mutu umodzi susenza denga. Miyezi 6 ndi denga lolemera kwa munthu wofoka. Tisanamdzudzule mnzathu wolekeza panjira, tidzifunse tokha: pa miyezi yonseyo, kodi tinapita kukamuona kangati?