Nthabwala za Mafoni ndi Funso la Chikhumbo

Nthabwala za mafoni ndi zipangizo zina zamakono zalowa m'macheza a tsiku ndi tsiku pafupifupi kulikonse. Zimamveka pa wailesi, zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo zimanenedwa pamsika, pachigayo ndi pamoto wa pamaliro usiku. M'dera la Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza kum'mawa kwa Zambia, boma lochita malire ndi Mozambique, nthabwalazi zili ndi eni ake odziwika: mnyamata wonyamula foni yaikulu koma yopanda bandulo, mkulu wokwera pachulu kukasaka netiweki, mlamu amene amangoflasha osaimba, ndi bambo amene wagulitsa matumba a chimanga kuti agule foni yojambula bwino pamene njala ya mu Januwale ikumudikira. Kumaiko olemera zosekedwa ndi zina. Kumeneko amaseka foni yatsopano ya Apple imene imalengezedwa pafupifupi Seputembala aliyense ili yosiyana pang'ono chabe ndi ya chaka chatha, kapena chionetsero cha CES ku Las Vegas mu Januwale, kumene makampani amaonetsa mafiriji ndi miswachi yolumikizidwa ku intaneti. Kuseka kotereku kumaoneka kopepuka, koma pansi pake pali funso lakale la chipembedzo ndi la anzeru: chinthu chopangidwa ndi manja chiyenera malo otani mumtima wa munthu, ndipo ndani ayenera kusekedwa malowo akapitirira muyeso?

Choyamba kuzindikira n'chakuti anthu a ku Mlolo saseka foni chifukwa choti ndi yachabe. Foni ndiyo imanyamula uthenga wa maliro kupita kwa abale a ku Lusaka, ku Copperbelt ndi ku Tete tsiku lomwelo. Ndalama za ana ogwira ntchito m'tauni zimafika pa Airtel Money kapena pa MTN MoMo, ndipo mlimi amatha kufunsa mtengo wa soya ndi mtedza ku Chipata asanalole kugulitsa kwa venda wobwera ndi sikelo pakhomo. Foni yomweyo ndi tochi, wailesi ndi wotchi. Mafoni a Itel, Tecno ndi Infinix, opangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, anafala mu Africa chifukwa anayankha zosowa zenizeni: amalowa masimu awiri, batire lake limakhalitsa, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Mu 2024, chilala chitapsereza chimanga ndi kuchepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za ngozi yogwera dziko pa 29 Febuluwale, ndipo magetsi ankazima maola ambiri ngakhale m'matauni. Chaka chimenecho kasola kakang'ono ka padenga ndi foni ya mabatani yosunga moto masiku angapo zinaonetsa phindu lake poyera. Choncho nthabwala sizilimbana ndi chipangizo. Zimalimbana ndi khalidwe limene limamera pa chipangizocho.

Achewa ali ndi njira yakale yochitira zimenezi, ndipo njirayo ndi gule wamkulu. Gule amavinidwa m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Chipata monganso ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo amaonekera kwambiri pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse. Bungwe la UNESCO linamulengeza kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2005. Pakati pa zilombo zotuluka kudambwe pali nyama zakutchire, mizimu ya makolo ndi ogula akapolo, koma palinso njinga yamoto ya Honda, galimoto ndi helikopita. Zimenezi zikusonyeza kuti chinthu chachilendo chikafika n'kuyamba kuzunguza anthu mitu, gule amachitenga, amachiumba ndi udzu, mitengo ndi nsanza, n'kuchibweretsa pabwalo. Pamenepo ng'oma zimalira, amayi amayankha nyimbo, ana amathawa n'kubwereranso, ndipo chinthu chimene dzulo chinali chodabwitsa chimaonedwa ndi mudzi wonse chikugubuduka m'fumbi.

Pali nzeru yaikulu m'kachitidwe kameneka. Gule sanena kuti galimoto ndi yoipa. Amaichotsera ulemu woposa muyeso umene anthu anayamba kuipatsa, ndipo amaonetsa matama, umbombo ndi kuiwala abale kumene kumabwera ndi chuma chatsopano. Chilombo chimavina khalidwe loipa kuti oonera alizindikire mwa iwo eni. Munthu amene khalidwelo likumukhudza satchulidwa dzina. Amaseka pamodzi ndi anzake, n'kupita kunyumba atamva. Ichi ndicho chimasiyanitsa chidzudzulo cha pabwalo ndi chipongwe, ndipo nthabwala za mafoni zikakhala zabwino zimayenda m'njira yomweyo.

Mipingo ya m'derali, monga Reformed Church in Zambia imene inayambira ku Magwero mu 1899, ndi Akatolika a dayosizi ya Chipata, inakhala nthawi yaitali ikulimbana ndi gule. Komabe pa nkhani ya katundu ziphunzitso za mipingo ndi za gule zimayandikana kuposa mmene ambiri amaganizira. Lamulo lomaliza mwa malamulo khumi, mu Eksodo mutu 20, limaletsa kusirira za mnzako, ndipo ndi lamulo limene limaloza mumtima osati pa zochita zooneka ndi maso. Mu Luka mutu 12 muli fanizo la mwini chuma amene munda wake unabereka kwambiri, naganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, osadziwa kuti moyo wake utha usiku womwewo. Mlimi aliyense wa ku Mlolo amadziwa kuti nkhokwe si tchimo. Cholakwa cha munthu uja chinali kuyesa kuti moyo wake uli m'nkhokwemo.

Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anakhala ndi moyo kuyambira 354 mpaka 430, anaika mfundoyi mwadongosolo. Iye anasiyanitsa zinthu zoyenera kugwiritsidwa ntchito ndi zoyenera kukondedwa pa izo zokha. Zoyamba ndi njira yofikira kwina, pamene zachiwiri ndiko kofikirako, ndipo kwa iye kofikira kwenikweni ndi Mulungu. Chisokonezo chimayamba munthu akasinthanitsa ziwirizi. Foni ndi njira yofikira kwa mayi wodwala ku Chadiza, kwa mwana wa sukulu ku Lusaka, kwa wogula mbewu. Ikasanduka chinthu chonyadira pa icho chokha, chongotulutsidwa m'thumba kuti anthu achione, dongosolo latembenuka. Likatembenuka kwathunthu, munthu amayamba kugwiritsa ntchito abale ake kuti apeze foni: ndalama ya fetereza imapita ku foni, ndipo mlendo amakhala pamkeka osayankhulidwa chifukwa mwini nyumba maso ali pagalasi. Nthabwala ya mnyamata wa foni yaikulu yopanda bandulo imagwira mtima chifukwa imaonetsa kutembenuka kumeneku m'chithunzi chimodzi: chida chimene sichingagwire ntchito yake koma chikunyamulidwabe ngati ulemu.

Kalekale Augustine asanabadwe, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabwere, Mgiriki Epicurus anagawa zilakolako patatu: zachibadwa ndi zofunika, zachibadwa koma zosafunika kwenikweni, ndi zopanda pake zimene zimabadwa m'maganizo a anthu. Zoyamba zimakhuta. Zomaliza sizikhuta chifukwa zilibe malire. Wofuna kuimbira m'bale wake amakhutira akamva mawu ake, koma wofuna kuposa anzake sadzakhutira, pakuti chaka chamawa kudzatuluka foni ina.

Komabe sikungakhale chilungamo kusenzetsa wogula mlandu wonse. Chikhumbo cha zatsopano chimalimidwa mwadala, ndipo mbiri ili ndi umboni. Mu 1924 makampani akuluakulu opanga mababu a magetsi, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anapangana ku Geneva kuti babu lisamapitirire maola 1,000, pangano limene limadziwika ndi dzina loti Phoebus. Mu 2017 kampani ya Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni ena akale, ponena kuti inkateteza mafoni a mabatire otopa kuti asamazime okha, ndipo mu 2020 boma la France linailipiritsa mayuro 25 miliyoni chifukwa chosauza ogula. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndizo zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso m'njira yolembedwa. Nkhaniyi si yakutali kwa Mzambia. Kopa wa m'zipangizo zamagetsi amakumbidwa ku Copperbelt ndi ku North-Western, ndipo gawo lalikulu la cobalt wa m'mabatire limachokera kutsidya kwa malire, ku Congo. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula chizolowezi chogula ndi kutaya msanga, nachiona ngati nkhani ya chikhulupiriro osati ya malonda okha. Nthabwala imene imaseka kampani yogulitsa chinthu chomwechomwecho ndi dzina latsopano ikuchita ntchito yoyenera, chifukwa ikuloza kumene kuli mphamvu. Pali chenjezo limodzi: nthabwala zambiri za pa intaneti zokhudza foni yatsopano zimathandizanso kuitchukitsa, moti woseka amatha kukhala wotsatsa malonda wosalipidwa.

Malire a kuseka kumeneku amaonekera pamene nthabwala yatembenukira kwa wosauka. Pali nthabwala zambiri zonyoza kafoni ka mabatani komangidwa ndi mphira, zonyoza gogo amene sadziwa kutsegula uthenga ndipo amapempha mdzukulu kuti amuwerengere, zonyoza mayi amene amasiya foni pagolosale kuti itchajidwe pa sola. Nthabwala izi zimafanana ndi zoyamba zija pakamwa, koma ntchito yake ndi yosiyana kotheratu. Zoyamba zimachotsera chipangizo ulemu woposa muyeso. Izi zimachiwonjezera ulemuwo, chifukwa zimaphunzitsa kuti munthu amayezedwa ndi chimene wanyamula. Mtsikana wa sukulu amene wasekedwa chifukwa cha foni ya amayi ake amachoka pamenepo ali ndi njala ya foni yodula imene analibe m'mawa, ndipo njala yotereyi yagwetsera ana ena m'manja mwa akuluakulu oipa. Mnyamata amene wasekedwa amakakongola. Umunthu, monga Achewa amaumvera, umaona ulemu wa munthu m'mene akhalira ndi anzake, ndipo gogo wa kafoni komangidwa ndi mphira amene amaimbira odwala onse a m'banja akugwiritsa ntchito chipangizocho moyenera kuposa ambiri omuseka.

Palinso anthu opembedza amene amaona kuti nkhaniyi si yoseketsa ngakhale pang'ono, ndipo ena amafika poopseza kuti zipangizo zatsopano ndi za Satana. Mantha otere amalakwitsa mofanana ndi matama, chifukwa onse awiri amapatsa chinthu cha pulasitiki ndi kopa mphamvu imene chilibe. Kuseka koyenera kumathandiza pamenepa kuposa kuopseza, pakuti munthu sagwadira kapena kuthawa chinthu chimene watha kuchiseka.

Choncho nthabwala za zipangizo ndi zololeka, ndipo nthawi zina ndi zofunika, malinga zikhale zoloza matama a wogula ndi machenjera a wogulitsa. Zikaloza umphawi, ukalamba kapena kusaphunzira, zasanduka chipongwe ndipo siziyenera kuomberedwa m'manja. Aphunzitsi a m'sukulu za ku Mlolo, alaliki, anamkungwi ndi oulutsa mawu pa wailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata ali ndi mwayi wophunzitsa ana kusiyana kumeneku, ndipo ayenera kuyamba ana asanagule foni yawo yoyamba.