NGONGOLE YA DZULO

M'nyengo ya mpira ya 2015 mpaka 2016 timu ya Leicester City inatenga chikho cha ligi yaikulu ya ku England. Nyengo ya m'mbuyo mwake timu yomweyi inakhala kumchira miyezi ingapo, nkupulumukira kumapeto, ndipo ochititsa juga ankalonjeza mapaundi 5,000 kwa aliyense woika paundi imodzi kuti Leicester itenga chikho. Koma pa masewero 38 inapambana 23, inafanana mphamvu ndi anzake ka 12, inagonja katatu kokha, nimaliza ndi mapointi 81 pamene Arsenal, yachiwiri, inali ndi 71. Jamie Vardy, amene kale ankagwira ntchito m'fakitale, anagoletsa zigoli 24. Mphunzitsi wao anali Claudio Ranieri wa ku Italy.

Kuno ku Soche, kaya pa Kamba, ku Zingwangwa kapena ku Chimwankhunda, anthu odzazana m'tinyumba toonetsera mpira amakhala a Manchester United, Arsenal, Chelsea ndi Liverpool. Komabe nkhani ya Leicester siivuta kuikonda. Munthu wokhala m'nyumba ya lendi amasangalala akaona wosauka akugwetsa olemera.

Chimene ndifuna tilingalire ndi chimene chinatsatira. Mu Januwale 2017 bungwe la FIFA linasankha Ranieri kukhala mphunzitsi woposa onse pa dziko lapansi. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pa 23 Febuluwale chaka chomwecho eni timu anamchotsa ntchito, patangopita miyezi 9 chitengereni chikho. Timu inali pa nambala 17, pointi imodzi yokha pamwamba pa matimu oyembekezera kutuluka mu ligi. Funso ndi ili: kodi chabwino chimene munthu anatichitira dzulo chimatimanga manja lero?

Alipo amene amati inde. Kwa iwo kuchotsa Ranieri kunali kusayamika, ndipo kusayamika ndi tchimo ngakhale kutabala phindu. Mwana amene amake anamlipirira fizi pogulitsa mandasi sawataya amakewo chifukwa chakuti manja ao alema. Akunenanso kuti kugwa kwa timu sikunali mlandu wa munthu mmodzi, pakuti N'Golo Kanté, amene ankalanda mipira pakati, anali atagulitsidwa ku Chelsea.

Ena amati iai. Mphunzitsi si kholo, ndi wantchito. Analembedwa kuti timu izipambana, analipidwa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Eni timu analinso ndi ngongole kwa anthu ena: osewera, ogulitsa matikiti, otchetcha udzu pabwalo, amene ntchito zao zikanagwedezeka timu ikanatuluka mu ligi. Kuyamika munthu mmodzi pomiza anthu mazana si ukoma. Ndipo anthuwa ali ndi umboni. Craig Shakespeare, wachiwiri wa Ranieri, atatenga udindo, Leicester inagonjetsa Liverpool 3-1, inapambana masewero asanu a ligi motsatizana, nimaliza pa nambala 12.

Umboni umenewu ndi wamphamvu, koma ukuyankha funso lina. Ukutiuza kuti chiganizocho chinapindula. Sukutiuza kuti chinali cholungama. Wakuba akapanda kugwidwa wapindula, koma wabadi. Komanso amene anachotsa Ranieri sankadziwa kuti Liverpool igonja. Ngati tiyeza chilungamo ndi zotsatira zokha, ndiye kuti pa 23 Febuluwale panalibe amene akanadziwa ngati achita bwino kapena ayi, ndipo chikumbumtima chikanayenera kudikira mluzu womaliza wa mwezi wa Meyi. Chilungamo chotere nchofanana ndi juga ija.

Tisayese kuti izi nzakwa Azungu okha. Kinnah Phiri anagoletsera dziko lino zigoli zambiri m'masiku amene Malawi inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Ali mphunzitsi anatengera Flames ku mpikisano wa maiko a mu Africa ku Angola mu 2010, koyamba chiyambire 1984, ndipo kumeneko tinagonjetsa Algeria 3-0. Mu 2013 anachotsedwa. Amene anamuimbira m'manja pa bwalo la Kamuzu, kuno pafupi ku Chichiri, ndi amene anamkuwiza siali mitundu iwiri ya anthu. Ndife omwewo.

Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zasokoneza ngongole ziwiri zosiyana. Pali ngongole ya ntchito, imene imatha ntchito ikatha. Palinso ngongole ya kuyamika, imene siitha. Oyamba aja akulakwa poganiza kuti kuyamika kumalipidwa ndi mpando. Chikanakhala choncho, aliyense amene anachitapo chabwino kamodzi akanakhala pa mpando mpaka imfa, ndipo dziko lathu likudziwa bwino mtengo wa maganizo amenewa: mu 1971 tinapatsa munthu upulezidenti wa moyo wonse chifukwa anaphwanya chitaganya, ndipo zinatitengera mpaka 1993 kuti tibweze mau athu. Achiwiri aja akulakwa poganiza kuti malipiro akaperekedwa palibenso chotsala.

Nanga kuyamika kumalipidwa ndi chiyani? Ndi choonadi. Masabata awiri Ranieri asanachotsedwe, eni Leicester analengeza poyera kuti ali pambuyo pake ndipo sagwedezeka. Kenaka anamchotsa tsiku lotsatira masewero a ku Sevilla, kumene timu inagonja 2-1 koma ikadali ndi mwayi wopitirira. Apa mpamene pali banga. Ufulu womchotsa anali nao, mwinanso udindo. Chimene analibe ndi ufulu womuuza mau amene sakanatha kuwasunga. Mlendo ungathe kumgoneka ndi mau okoma. Munthu amene anakupatsa tsiku labwino koposa m'zaka zoposa 130 za moyo wa timu yako ayenera kumva zoona kuchokera pakamwa pako, nthawi ikadalipo.

Ambiri a ife pano pa koleji tidzakhala oyang'anira anzathu m'maofesi ndi m'masukulu. Tsiku lidzafika lakuti tichotse munthu amene anatiphunzitsa ntchito, chifukwa mphamvu zake zatha ndipo ana a eni akuvutika. Tisadzathawe pomsunga, popeza kutero nkulipira ngongole yathu ndi ndalama za ena. Koma tidzapite tokha, tikhale naye pansi, timuuze maso ndi maso, ndipo dzina lake tisalidetse pofuna kuyeretsa lathu. Leicester inatuluka mu ligi yaikulu mu 2023, Ranieri atachoka kalekale. Chikho cha 2016 chikadali chao, ndipo nayonso njira imene anatsanzikira munthu wowapatsa chikhocho ikadali yao.